Jekete la Kuseri kwa Katani

Lolemba masana, dzuwa litafika pakhomo pa kachipinda kositira zovala, mwana wa aNasimbi anaima pachitseko n'kupempha jekete. Sanapite m'mbali. Anati amuitana ku intavyu Lachinayi, ku nyumba yaikulu yosungira katundu ya kuseri kwa njanji, kumene akufuna kalaliki wolandira ndi kutulutsa makatoni, ndipo iye akufuna akavale jekete lija. Mawu anamutuluka mokweza kuposa mmene ankafunira, moti wometa wa khomo loyandikana anazimitsa makina ake kuti amve bwino. Mayi ake anaimika simbi pa njerwa n'kumuyang'ana: munthu wa zaka makumi atatu ndi zinayi, imvi zitayamba kale kusuzumira m'ndevu, envelopu yakhaki ili m'khwapa monga mwa masiku onse. Anamuuza kuti abwere Lachitatu ndi shati yake. Sanavomere, sanakane, ndipo onse awiri anadziwa kuti yankho lenileni linali lisanaperekedwe.

Dzina loti aNasimbi linachokera kwa anthu a mumsewumo, chifukwa palibe amene anawaonapo manja ali lende. Anayamba kusita ali mtsikana m'nyumba ya banja lina lolemera. Amuna awo atamwalira, mwana ali ndi zaka zisanu, anapeza kachipinda aka ndipo sanachokemonso. Munali tebulo lalitali loyalidwa mabulangete awiri ndi nsalu yoyera pamwamba, zenera limodzi loyang'ana kumsewu, chingwe cha mahang'ala, ndi nsalu ya katani yobiriwira yotchinga kumbuyo. Simbi zinali ziwiri, yamagetsi ndi yamakala. Yamagetsiyo ankainyoza kuti ndi yopepuka ngati munthu wopanda nkhani, ndipo ankaigwira pokhapokha makala akanyowa.

Kusita ndi ntchito yolola munthu kuchoka ali pomwepo. Dzanja limadziwa lokha njira ya pa kolala, ya pakati pa mabatani, ya mzere wa thalauza. Akawaza madzi, nthunzi inkakwera m'kuwala kwa pazenera, n'kuima pang'ono m'malere ngati ikuganiza kopita, ndipo maganizo a aNasimbi ankapita nayo. Makasitomala anazolowera kuodira kawiri.

Jeketelo silinali lawo. Amene analisiya anali bambo wina wapaulendo, wamtali, wolankhula motsitsa mawu, yemwe anati adzalitenga chakumadzulo basi yake isananyamuke. Madzulo ake aja sanakwane mpaka lero. Linali lotuwa ngati phulusa la makala abwino, nsalu yake yolemera, m'kati moterera, mabatani atatu akuda. Analisunga chaka, zaka ziwiri, akumaliyanika padzuwa kuti lisachite chuku. Ndiye tsiku lina mphwake wa mayi wogulitsa sopo anaitanidwa ku ntchito ya ukalaliki alibe chovala chooneka, aNasimbi n'kumubwereka, poti jekete lopachikidwa silithandiza munthu. Ntchito anaipeza. Wachiwiri anaipezanso. Pofika wachitatu nkhani inali m'kamwam'kamwa, ndipo jekete la mlendo woiwala uja linasanduka jekete lamwayi.

Anthu sakhutira ndi mwayi wopanda malamulo, choncho anaupangira malamulo. Amati m'thumba lakumanzere musalowe kanthu, ngakhale dzanja. Amati ukalivala usakhale pampando m'basi, uime mpaka ukafike. Usadye utalivala, usapatse mkazi wako kuti akugwirire, umange batani lapakati lokha. ANasimbi sananenepo ngakhale limodzi mwa malamulo amenewa, koma sanawatsutsenso, chifukwa ankawathandiza: munthu woima m'basi safika ndi makwinya kumsana, ndipo wosadya safika ndi dontho la mafuta pachifuwa. Awiri kapena atatu amene anabwerako chimanjamanja, mumsewumo anawafufuza mpaka kuwapeza ndi mlandu. Wina anaulula yekha, misozi ili m'maso, kuti anaika mpango m'thumba loletsedwa lija. Jekete lokha silinkalakwa.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti aNasimbi ankasankha. Wopempha aliyense ankamuuza kuti abweretse kaye shati yodzavalira m'kati kuti amusitire. Ankayang'ana kolala, ngati mwini wake amaichapa ndi mtima wonse kapena amangoiviika. Ankamvetsera fungo limene nthunzi inkatulutsa, poti mowa wadzulo subisala kwa simbi yotentha. Kenako, dzanja likuyenda, ankacheza naye ngati zopanda pake: ntchitoyo ndi yotani, anaimva kwa ndani, kumeneko akudziwako ndani. Amene ankayankha kuti malume ake ndi amene amasunga makiyi kumeneko, kapena kuti bwana anamuona kale akugwira ntchito ndipo anamukonda, ankatuluka jekete lili pamkono. Amene ankakanda pamutu, osadziwa ngakhale chimene akamufunse, ankamva mawu awiri okha: "Pepani, latuluka." Pamenepo n'kuti jekete lili phee kuseri kwa katani, likumva zonse.

Poyamba ankadziuza kuti akuteteza chovala cha mwini. Koma zaka zitadutsa makumi awiri, chimene ankateteza chinali dzina, ndipo ankalikonda dzinalo. Mkazi wamasiye wosapita patali ndi sukulu, amene amuna a mataye ankamuvulira chipewa pakhomo, amene m'chipinda mwake mwayi unkagona: ndani akanakana kukhala munthu ameneyo? Ankanyada, ndipo kunyadako kunkawafunditsa masiku amene kunalibe china chowafunditsa.

Chodabwitsa n'chakuti iwo omwe, odziwa chinsinsi chonse, masana ena ankakhulupiriranso. Jekete likabwerako sankalisita msanga. Ankaliyandikitsa kumaso n'kutseka maso. Linkabwera ndi fungo la malo amene iwo sanapondemo: polishi wapansi, mapepala atsopano, mphepo yozizira ya makina, nthawi zina mafuta onunkhira a mkazi wosamudziwa. M'maganizo mwawo maofesiwo anali zipinda za m'mwamba kwambiri, zoyalidwa makapeti omeza phokoso la mapazi, za mazenera amene mbalame zimadutsa m'munsi mwake. Kumeneko mwayi unali munthu, mayi wonenepa, wosafulumira, makiyi ali m'chiuno, woyenda m'khonde lalitali mmene anthu akhala pamzere. Uyu amamugwira paphewa, uyo amamudutsa, osayang'ana nkhope. Akafika pa jekete lotuwa lija amaima n'kumwetulira, ngati waona mnzake wakale. ANasimbi ankadzidzimuka makala atayamba kuzirala, n'kudziseka okha.

Munthu mmodzi yekha ankadziwa za kusankhaku, ndiye mwana wawoyo. Anakulira pansi pa tebulo lija, akulemba za kusukulu pa katoni, ndipo kuchokera pansipo m'munsi mwa jekete munkaoneka bwinobwino pamene mayi ake ankati latuluka. Sanafunsepo. Sukulu anamaliza bwino, mapepala ake anali oyera, zolemba zake zowongoka ngati mzere wa thalauza la msilikali. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anayenda m'maofesi ndi envelopu yakhaki ija, mpaka mumsewumo anangomutcha Envelopu, ndipo pa zaka zonsezo jekete sanalipemphepo. Anthu ankati ndi wonyada. Sikunali kunyada. Iye ankadziwa kuti kupempha jekete n'kufunsa mayi ake chimene amaona akamuyang'ana, ndipo mayi ake ankathokoza mumtima kuti sanafunsidwe.

Chimene ankaona chinali ichi: munthu wabwino, woona mtima, wosakhudza cha mwini, koma woti mayankho ake amafika mochedwa. Funso likamupeza ankalitembenuza katatu m'mutu, maso ali pa nsapato, ndipo pomwe ankatsegula pakamwa wofunsa uja n'kuti akuyang'ana wotchi. Ku nyumba ya katunduyo analibe malume, analibe mnzake, analibe ngakhale mlonda womudziwa dzina. Akanakhala mwana wa munthu wina, akanamva kuti latuluka simbi isanatenthe n'komwe.

Lachiwiri lonse aNasimbi anasita maso ali pazenera. Pakhonde la wometa, pa kampando kafupi, panali bambo wosoka nsapato amene aliyense ankawatcha aChidendene. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo fakitale ya nsapato inkafuna anthu a pamakina, ndipo bambowa, amene manja awo ankadziwa chikopa kuposa aliyense, anaitanidwa. Anabweretsa shati, nthunzi n'kutulutsa fungo la mowa, aNasimbi n'kunena mawu awo awiri aja. AChidendene anaona ngati chimenecho ndi chizindikiro, ndipo ku fakitale sanapiteko n'komwe. Mowa anasiya kalekale, koma pakhondepo sanachokeponso. Nkhaniyi ankaikamba okha, akuseka, kwa aliyense wodikira nsapato: kuti iwo mwayi unawaphonya ndi tsiku limodzi lokha, kuti likanakhalapo jekete Lachinayi lija bwenzi pano ali kapitawo wa mimba yaikulu. Ankaikamba mokoma, ngati munthu amene anagwirizana nacho chimene chinamuchitikira. M'mawa uliwonse ankapereka moni kwa aNasimbi chipewa chili m'manja, ndipo nsapato za mayiwa zikaduka lamba ankazisoka asanapemphedwe.

Kwa zaka zonsezi aNasimbi ankayankha moniwo bwinobwino, nkhaniyo ataikankhira kutali. Tsiku limenelo inakana kukankhika. Ankaona mwana wawo atakhala pa kampando kafupi ngati kameneko, imvi zitadzaza, akuseka nkhani ya tsiku limene mayi ake anati jekete latuluka. Koma iye sakanaseka, chifukwa akanadziwa tanthauzo lake. Kenako ankamuona atavala jekete, akubwerako chimanjamanja, msewu wonse uli maso. Nthunzi inkakwera, kuima, n'kutha, yankho osabwera nalo.

Lachitatu Envelopu anabwera ndi shati yoyera, kolala yake yochapidwa mpaka kuyamba kutha. Mayi ake anaiyala patebulo n'kuyamba kusita. Sanafunse funso lililonse, poti mayankho onse ankawadziwa. M'chipindamo munangomveka makala akuthetheka ndi makina a wometa kuseri kwa khoma. Mawu awiri aja anali atakhala kale palilime, okonzeka, chifukwa pakamwa pamazolowera ntchito yake ngati mmene dzanja limachitira. Atadzutsa mutu anapeza mwana wawo sakuwayang'ana iwo. Ankayang'ana pansi, m'munsi mwa katani, pamene nsalu yotuwa inkaonekera.

ANasimbi anakoka katani.

Jekete linamukhala bwino m'mapewa, mikono yokha ndiyo inatalika pang'ono. Mayi ake anamumanga batani lapakati, n'kumusasa paphewa fumbi lomwe panalibe. Iye anaima mowongoka, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri anawayang'ana m'maso, nkhope yake itawala ngati ya mwana amene wauzidwa kuti wakhoza.

"Zikomo, Amayi," anatero.

Apo m'pamene aNasimbi anazindikira chimene achita. Iye sanalandire jekete, analandira chigamulo: mayi anga aona kuti ndipeza. Mtima unawauza kuti amukonze pomwepo, koma nkhope ija inali yokoma kuiona, ndipo anangoti ayende bwino.

Lachinayi m'mawa msewu wonse unamuperekeza ndi maso. Wometa anaimirira pakhomo, chipeso chili m'manja, mpaka anatsimikiza kuti munthu waima m'basi ngakhale mipando inalipo. ANasimbi anasita tsiku lonse ali kwina. Ankamuona akukwera masitepe ambirimbiri, mpaka ku zipinda za makapeti zija. Ankamuona atakhala pamzere m'khonde lalitali, envelopu ili pamaondo. Mayi wa makiyi uja anatulukira kumapeto kwa khonde, akuyenda pang'onopang'ono, makiyi akulira. Anadutsa woyamba, anadutsa wachiwiri, anayandikira, ndipo aNasimbi anapezeka akumunong'oneza ngati mmene amayi amanong'onezerana pamzere wa kuchipatala, kuti mayi mnzanga, uyo wa mikono yaitaliyo ndi wanga, sachedwa dala, ndi mmene alili, mudikireni pang'ono. Chinawadzutsa ndi fungo la nsalu yopserera. Pa pilo ya kasitomala panali chithunzi cha simbi chofiirira, chinthu chimene chinali chisanawachitikire chiyambire utsikana wawo.

Envelopu anabwerako dzuwa litapendeka. Kunalibe masitepe, kunalibe makapeti. Anati kunali bwalo la simenti, anthu oposa makumi asanu ataima padzuwa, aliyense kulowa mphindi zitatu mu kaofesi ka malata. Amene anatengedwa anali mnyamata wina amene pofika m'mawa anapatsana moni wa nthabwala ndi mlonda wa pageti. Envelopu anavula jekete, n'kulipachika yekha pa hang'ala, analiwongola mapewa, n'kupita kwake.

Kafukufuku anayamba m'mawa mwake, wometa ndiye anali woweruza. Thumba lakumanzere? Silinakhudzidwe. M'basi? Anaima popita ndi pobwera. Chakudya? Ngakhale madzi sanamwe. Mkazi wake analigwira? Sanaliyandikire n'komwe. Mlandu utasowa, anthu anaupeza pa munthu mwini. Anati tsoka la Envelopu ndi lobadwa nalo, lolemera moti ngakhale jekete lalephera kulinyamula. Poyamba zinali nthabwala. Wometa ankati asamakhale woyamba pampando wake m'mawa, angamuthawitsire makasitomala. Kenako mayi wina wopita paulendo anaoloka msewu kuti asakumane naye. Kenako mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, amene analonjeza kuti zikakanika uku adzamutenga m'sitolo yake ya misomali ndi utoto, anatumiza mawu akuti malonda sakuyenda bwino, adikire kaye. Dzina la jekete linatuluka lamphumphu, mwinanso linakwera. Sabata yomweyo anthu awiri anabwera kudzalipempha.

Patatha milungu iwiri, Loweruka chakumasana, Envelopu anabwera kwa mayi ake wopanda envelopu. M'khwapa mwake munkaoneka mwamaliseche. Anakhala pa mtolo wa zovala zosasita, chinthu chimene ankadziwa kuti mayi ake salola, ndipo iwo sanamudzudzule.

"Amayi, inu simuphonya," anatero. "Ndakuonani moyo wanga wonse. Simupatsa munthu jekete musanaone kuti apeza."

ANasimbi anapitiriza kusita mkono wa shati umene unali utasitika kale.

"Ndiye ngati inu munaona bwino, ndipo ine malamulo onse ndinasunga, chatsala n'chiyani? Anthuwa akunena zoona. Pali chimene ndinabadwa nacho. Ndaganiza zongosiya kuvutitsa anthu m'maofesi."

Analankhula modekha, mosadandaula, ndipo kudekhako n'kumene kunawaopsa mayi ake. Anali mawu a munthu amene wapeza kampando kake kafupi ndipo akukonzeka kukhalapo. Anaimika simbi pa njerwa.

"Mwanawe, sindinaone kuti upeza. Ndinaona kuti supeza."

Iye anadzutsa mutu.

"Ndinakupatsa chifukwa ndiwe wanga, basi. Ndinalephera kukuuza kuti latuluka."

Anamufotokozera zimene iye ankaganiza kuti akuzidziwa koma ankangodziwa theka lake. Anati iwo sanali mneneri, sankaona m'tsogolo mwa munthu. Ankangofunsa kuti kumeneko ukudziwako ndani, ndipo ambiri mwa ovala jekete aja chitseko chinali chitawatsegukira kale asananyamuke kunyumba. Anati munthu kulephera pakati pa anthu makumi asanu olimbirana mpando umodzi, mpando woti mwini wake akudziwika kale, si tsoka lobadwa nalo. Anati kuchedwa kuyankha ndi vuto, inde, ndipo akanayenera kumuuza kalekale m'malo momangomuyang'ana, koma ndi vuto loti munthu amalimbana nalo, osati temberero. Mawuwo ankawapweteka powatulutsa, chifukwa ankaona kuwala kwa Lachitatu kuja kukuzima pankhope yake kachiwiri.

Envelopu anatembenuza zimenezi m'mutu katatu, monga mwa chikhalidwe chake, ndipo mayi ake anadikira.

"Zimenezo mukunenera muno, Amayi," anatero pomaliza. "Kunjaku akudziwa zina. Mlamu akudziwa zina. Mkazi wanga naye wayamba kundiyang'ana mwachifundo."

ANasimbi anayang'ana katani. Kuseri kwake kunali zaka makumi awiri za moni wa zipewa m'manja, za masana a maloto, za kukhala munthu mumsewumo. Anachita mantha, mantha enieni. Anakoka katani, anachotsa jekete pa hang'ala, analiika pamkono n'kutuluka, simbi ataisiya ikufuka.

Pakhonde la wometa panali anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, monga zimakhalira Loweruka, ndipo chonenedwa pamenepo chimafika mumsewu wonse dzuwa lisanalowe. ANasimbi sanali munthu wolankhula pagulu, choncho anangoyamba pakati. Anati jekete ili ndi nsalu chabe, ya munthu amene anaiwala kudzatenga. Anati iwo ankasankha oti awabwereke, ndipo ankasankha okhawo amene ntchito inali kale m'manja mwawo. Anatchula mphwake wa mayi wa sopo, amene azakhali ake ena ankachapira bwana wa pa ofesipo. Anatchula wina, ndi winanso. Anati mwana wawo ndi munthu woyamba kulivala popanda womutsegulira chitseko, ndipo chamuchitikira ndi chimene chikanachitikira aliyense wa iwo. Anati amene akufuna kuoloka msewu aziolokera iwo, osati mwanayo.

Wometa anaseka chikhakhali, n'kunena kuti mayi ndi mayi basi, angagwetse ngakhale nyumba yake kuti mwana asanyowe. Ena anasekanso, momasuka, chifukwa palibe amene ankafuna kuti jekete life. Envelopu anali ataima pakhomo pa kachipinda kaja, akumva zonse, ndipo mayi ake anaona kuti mawu awo akutha ngati nthunzi.

"Nanga amene ndinkawauza kuti latuluka," anatero aNasimbi, "munaliona likutuluka?"

"Aa, Amayi, zimenezo ndiye ayi," anayankha wometa, akuloza ndi chipeso. "Nkhani ya aChidendene tonse timaidziwa. Tsiku lawo lija jekete linali litapita ndi munthu wina. Si choncho, bambo?"

AChidendene anali ndi nsapato ya mwana wa sukulu pabondo, singano italowa theka. Iwo sanaseke pamodzi ndi anzawo aja. Anayang'ana jekete pamkono wa mayiwo nthawi yaitali, kenako anayang'ana mayiwo, mwaulemu womwe uja wa m'mawa uliwonse.

"Mayi, Lachinayi lija," anafunsa motsitsa mawu, "linali m'nyumba?"

ANasimbi akanatha kunena kuti zaka zapita, sakukumbuka. Bambowa akanavomera, ndipo mawa akanavulanso chipewa. Koma mwana wawo anali pakhomo paja, akudikira kuti amve ngati zimene anauzidwa m'chipinda zingaime padzuwa.

"Linali kuseri kwa katani, bambo. Ndinamva fungo la mowa pa shati yanu, ndiye ndinaganiza kuti mukandiwonongera dzina."

Makina a wometa anali atazima. Wa pampando uja, mutu utametedwa mbali imodzi, anayang'ana pansi. Pakhondepo panalibenso amene ankakayika, ndipo aNasimbi anaona mwana wawo akutsika pakhomo paja, akubwera kudzaima pambali pawo mutu uli m'mwamba. Chimene anatulukira m'nyumba anachipeza, koma chimwemwe sanachimve. Anamva manyazi okhaokha, otentha kuposa simbi iliyonse imene anagwirapo.

AChidendene anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa njira ya kumalo kumene sadzapitakonso. Anakoka singano, ulusi n'kutuluka mbali inayo. Anaukoka mpaka unalimba.

"Usiku woti kukacha ndipite ku fakitale sindinamwe," anatero, maso ali pa nsapato ya mwana wa sukuluyo. "Ndinali nditapolisha kale nsapato zanga."